Gitala ya kaunjika isakudyereni lendi: zoyamba kukonza ndi zoyenera kusintha

Gitala yanga yoyamba kuno ku Joni ndinaigula kwa bambo wina amene ankasamuka m'nyumba ku Turffontein. Inali gitala yamagetsi ya Squier, yofiira, nsambo zili dzimbiri lokhalokha, kabatani ka voliyumu katasowa. Nditafika nayo kuchipinda ndinaipukuta n'kuigoneka pabedi ngati mwana wakhanda. Lamlungu lake, kutchalitchi kwathu ku Rosettenville, nditangoilumikiza ku ampu zinali ngati njuchi zamanga chisa mu sipika. Abusa ali mkati mwa pemphero, amayi a kwaya akucheukira kwa ine mmodzimmodzi.

Ndinachita zimene ambirife timachita. Mwezi utatha ndinakagula ma pickup atatu a dzina, timaginito ta pansi pa nsambo totola mawu kupita ku ampu, pamtengo wofanana ndi lendi ya chipinda changa. Mwezi umenewo kumudzi sikunapite kanthu. Ndinawaika, ndipo njuchi zija sizinasamuke. Nsambo yachitatu inkangomasukabe pakati pa nyimbo. Safunsa anadya phula.

Amene anandithandiza ndi madala ena a ku Mangochi okonza mawayilesi ndi ma ampu kuseri kwa shopu ina ku Mayfair. Anatsegula kachivundikiro ka kumsana kwa gitala, n'kukoka ndi chala kawaya kakuda kamene kankangolendewera. "Achimwene," anatero, "mwagulira galimoto injini yatsopano pomwe vuto ndi tayala lakuphwa." Anakawotcherera pamalo pake, theka la phokoso linathera pomwepo. Ndalama anakana, anangoti ndiwagulire tiyi.

Choncho zimene ndalemba apazi muzitsatire monga ndaziyalira. Zoyambirira n'zotchipa ndipo ndi zimene zimasintha gitala kwambiri. Zodula zili kumapeto, ndipo ambiri mudzapeza kuti simukufunikira kufikako.

Musanatulutse randi ngakhale imodzi

Khalani pansi ndi gitala osailumikiza ku ampu. Dikirani ana a pabwalo agone, zimitsani wayilesi. Imbani nsambo iliyonse, fret ndi fret (tizitsulo topingasa pakhosi la gitala), kuchokera kumutu mpaka kumimba. Mvetserani pamene nsambo ikugunda chitsulo n'kumati zzz, ndi pamene mawu akufa msanga. Kenaka ikani diso kumutu muyang'ane khosi mmene kalipentala amayang'anira thabwa. Khosi lopindika pang'ono ngati uta limawongoka. Koma likakhala lopotoka, mbali ina kukwera ina kutsika, gitala imeneyo musaithire ndalama. Muziimba choncho kwinaku mukusunga zogulira ina.

Zida zake si zambiri: sikuludiraiva ya nyenyezi, ma Allen key, rula yachitsulo, chochunira (cha pafoni chomwecho chimakwana), multimeter yoyezera magetsi, ndi chowotcherera mawaya cha mawati 40. Zina mwa izi musagule. Pakati pa Amalawi a kuno simungasowe mnzanu wogwira ntchito ya zamagetsi woti akubwerekeni Loweruka masana. Ndipo chilichonse chimene mukufuna kumasula, yambani mwachijambula ndi foni.

Nsambo ndi khosi

Ikani nsambo zatsopano musanaweruze china chilichonse. Zofala ndi za 9-42 ndi za 10-46. Za 9 n'zofewa, zimavomera kuzikankha ndi chala. Za 10 n'zolimbirapo koma sizisokonekera msanga mukamakwapula mwamphamvu. Dziwaninso kuti kutalika kwa nsambo kumasiyana: pa magitala a mtundu wa Fender ndi mamilimita 648, pa a mtundu wa Gibson ndi 628, motero nsambo zomwezo zimamveka zolimba pa Squier, ya mtundu wa Fender, kusiyana ndi pa Epiphone, ya mtundu wa Gibson. Sankhani saizi imodzi mukhazikike pomwepo, chifukwa zonse zimene tikonze kutsogoloku zimadalira mphamvu imene nsambozo zikukokera khosi.

M'kati mwa khosi muli chitsulo chachitali chotchedwa truss rod. Ntchito yake n'kulimbana ndi nsambo kuti khosi lisapindike mopitirira. Kuti muone ngati chikufunika kukhudza, chunani gitala kaye. Dinani nsambo yaikulu pa fret yoyamba ndi capo, kachipangizo kopanira nsambo pakhosi, kapena mupemphe mnzanu adine, inu mudine pa fret yomaliza. Yang'anani mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya 8. Uyenera kukhala wochepa zedi, cha m'ma 0.25 mm, woti kakhadi kapepala kopyapyala kangolowa mokhudza. Mpata ukakula, mangani chitsulocho potembenuzira mbali imene mivi ya wotchi imayendera. Nsambo ikagoneratu pa fret, masulani.

Apa ndi pamene anthu amaphera magitala. Tembenuzani kotala yokha ya mzungulo, kapena theka la kotalayo, chunaninso, muisiye kwa maola angapo, muyezenso. Thabwa silimva nthawi yomweyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Allen key ikhale yokwana ndendende. Magitala ambiri opangidwa ku Asia amalowa ya 4 mm kapena 5 mm, pomwe a ku America amayendera mainchesi. Yokhwepa imadya m'kati mwa nati, ndipo nati imeneyo ikadyeka ntchito yake ndi ya mmisiri. Chitsulo chikakana kutembenuka, musachikakamize.

Nyengo ya kuno imavutitsa khosi kuposa mmene ambiri amaganizira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira June mpaka August mpweya umauma moti milomo imang'ambika. Thabwa nalo limauma n'kunyala. Ndi chifukwa chake m'chisanu mumamva nsonga za ma fret zikukukandani m'manja: chitsulo sichinatalike, thabwa ndi limene lachepa. Matani tepi yapepala m'mbali mwa khosi, mupale nsongazo pang'onopang'ono ndi kafayilo kosalala. Mvula ikayamba cha mu October thabwa limamwanso chinyezi, khosi n'kusuntha. Ine ndimayeza kawiri pachaka, polowa chisanu ndi poyamba mvula. Gitala musaiimike pafupi ndi hita ngakhale kuzizire bwanji.

Khosi likakhala bwino, bwerani ku bridge, chitsulo cha pamimba chimene nsambo zimakhazikikapo, mukonze kutalika kwa nsambo. Pa fret ya 12, nsambo yaing'ono italikire 1.6 mm, yaikulu 2 mm. Ngati rula yanu sikuonetsa bwino, gwiritsani ntchito ma pick okwapulira nsambo: ambiri amalembedwa kunenepa kwake, ndiye ya 1.0 mukaisanjikiza ndi ya 0.6 mwapeza muyeso wa nsambo yaing'ono. Manambalawa ndi poyambira chabe. Wokwapula mwamphamvu akweze pang'ono, wa dzanja lofewa atsitse mpaka pamene zzz ayambire, kenaka abwerere m'mbuyo pang'ono.

Chomaliza pagawoli n'kuletsa gitala kunama. Mumaidziwa gitala yonama: kumutu makodi ali bwinobwino, koma mukakwera kumtunda kukaimba lidi, woimba kiyibodi amakuyang'anani ndi diso lofiira. Chunani nsambo ili yosadina, kenaka dinani pa fret ya 12 muone chochunira. Mawu akakwera kupitirira, bwezerani saddle, kachitsulo ka pa bridge kamene nsamboyo yakwerapo, kumbuyo, kutali ndi khosi. Akatsika, isunthireni kutsogolo. Chunaninso, yezaninso, nsambo zonse zisanu ndi imodzi. Ndi ntchito yotopetsa ya ola limodzi yosalira ndalama, koma pa zonse zimene ndachita pa Squier ija, imeneyi ndi imene anzanga a m'bandi anaizindikira tsiku lomwelo.

Gitala yosasunga chuni

Aliyense amathamangira kunena kuti makiyi atha. Kawirikawiri wolakwa ndi kafupa ka kumutu kamene nsambo zimadutsapo, kamene m'masitolo amakatcha nut. Pa magitala otchipa kamakhala ka pulasitiki, timipata take todulidwa mothamanga. Nsambo imakanirira m'kampatako, inu mukupotokola kiyi osamva kusintha, kenaka mumangomva "ting" mawu n'kudumpha. Mukamva kulira kumeneko mwagwira wakuba.

Mankhwala oyamba ndi pensulo. Kwezani nsambo, palani nsonga ya pensulo m'kampata mpaka mude, bwezerani nsambo. Zikakanika, sinthani kafupako muike ka fupa lenileni kapena ka TUSQ kopangidwa ndi Graph Tech. Musanakagule yezani m'lifupi mwake, poti ena ndi 42 mm ena 43 mm, ndiponso chotsani kakaleko muone ngati pansi pake n'pathyathyathya kapena pokhota. Pochotsa, yambani mwadula vanishi m'mbali ndi lezala kuti isatuwuke, kenaka gogodani pang'ono. Katsopano kamafuna kupala pansi ndi sandipepa mpaka kafike pamuyeso. Muyeso wake ndi uwu: mukadina nsambo pa fret yachitatu, pamwamba pa fret yoyamba patsale kampata konga tsitsi. Palani pang'ono, yesani, palaninso, chifukwa zimene mwapala sizibwerera. Pomata, timadontho tiwiri ta guluu wa matabwa takwana. Wodzasintha pambuyo panu asadzakutukwaneni.

Onaninso kamangidwe ka nsambo. Pa kiyi izungulire kawiri kapena katatu, motsikira pansi, osapiringizana ngati ulusi wa telala. Mukamanga zatsopano zikokeni ndi dzanja, chunani, kokaninso, mpaka zisiye kutsika.

Makiyi otseka, amene amapana nsambo m'bowo mwake, monga a Gotoh kapena Wilkinson, ndi abwino, koma ubwino wake waukulu ndi woti nsambo ikaduka pa ukwati mumasintha msanga. Ngati makiyi anu sakugwedera, asiyeni. Mukaumirira kugula, yezani mabowo: amakono ambiri ndi 10 mm, achikale ndi ang'onopo.

Ndiye pali tremolo, kandodo kogwedezera mawu. Dzifunseni moona mtima kuti munakagwira liti komaliza. Ngati simukumbuka, tsegulani kumsana, mangani masikuruwu awiri okoka masipuring'i mpaka bridge igone pathupi la gitala, kapena mulowetse kathabwa kokwana bwino pakati pa chitsulo ndi thupi. Mukatero nsambo imodzi ikaduka, zinazo sizisokonekera.

Phokoso

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambirife timavutikira. Timaimba m'mashopu akale osandutsidwa matchalitchi, m'magalaji, m'maholo a mawaya okalamba, nyale za machubu zili pamutu, ampu ndi machaja a foni khumi zili pa soketi imodzi. Mu 2023, pamene kuzima kwa magetsi kunafika poipa, tinkaimbira jenereta, ndipo gitala iliyonse inkaulula matenda ake.

Yambani ndi kebo. Bwerekani ya mnzanu muyese. Kenaka jeki, polowetsa kebo pagitala. Ikamagwedera musaimange muli kunja, chifukwa imazungulira yonse n'kudula mawaya m'kati. Masulani kambale kake, gwirani jeki ndi dzanja, mangani nati. Ngati kachitsulo kogwira nsonga ya kebo kafooka, kapindireni m'kati pang'ono. Jeki ya Switchcraft ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene ndingati gulani mosakayika: siidula, ndipo imakhala zaka. Kungoti mazinga ake ndi a mainchesi, nthawi zina bowo la kambale limafuna kukuza pang'ono. Powotcherera musasemphanitse mawaya: wonyamula mawu umapita ku kachitsulo kokhudza nsonga ya kebo, wa earth ku thupi la jeki.

Tsopano yesani chonchi. Lumikizani gitala, kwezani voliyumu, chotsani manja pansambo, mvetserani. Kenaka gwirani nsambo. Phokoso likachepa, waya wa earth uli bwino, chimene chikusowa ndi chotchinga. Likapanda kusintha, ndiye kuti kawaya kochokera ku bridge kaduka, monga kanga kaja. Likakula, n'kutheka kuti wina anasemphanitsa mawaya pa jeki.

Chotchinga chimapangidwa ndi tepi ya mkuwa. Funani imene guluu wake amadutsa magetsi. Chotsani pickguard, chivundikiro chapulasitiki cha pamimba pa gitala, pukutani fumbi m'maenje a thupi la gitala, matani tepiyo pansi ndi m'mbali monse, chidutswa chilichonse chikwere pa chinzake. Siyani timalilime tingapo titulukire pamwamba pafupi ndi mabowo a masikuruwu. Matani inanso kunsi kwa pickguard, kuti mukatseka, pamwamba ndi pansi pakhudzane n'kukhala ngati bokosi. Bokosi limeneli lilumikizidwe ku earth ndi kawaya kopita kumsana kwa pot ya voliyumu, kachitsulo kozungulira ka kunsi kwa kabatani, apo ayi mwangokongoletsa m'kati. Tengani multimeter, ikani poliza, gusani ngodya ziwiri zotalikirana. Ikalira ndiye kuti zagwirana. Samalani kuti miyendo ya switch yosankhira pickup kapena ya jeki isakhudze mkuwawo, chifukwa ikakhudza gitala imangoti zii. Ine zinandichitikira usiku wa Loweruka, ndinamasula masikuruwu onse kachiwiri ndikuyang'ana wotchi. Kachidutswa ka tepi yakuda pansi pa switch kanathetsa nkhani.

Kumata kunsi kwa pickguard kumathandizanso pa vuto lina la m'chisanu cha kuno, lija loti chala chikakhuza pulasitiki mumamva "tcha tcha" mu sipika. Ndi magetsi omwe aja amakulumani mukagwira chitseko cha galimoto mu July.

Koma ndisakunamizeni. Tepi ya mkuwa imachepetsa zzz wa nyale ndi machaja. Kung'ung'udza kwa pansi kuja, kochokera ku magetsi a 50 Hz amene timagwiritsa ntchito kuno ngakhalenso kwathu, n'chibadwa cha pickup ya single-coil, ya koyilo imodzi, ndipo tepi siikuchotsa. Kumeneko mumakuzemba: talikirani ampu, tembenukani pang'onopang'ono mpaka mupeze mbali imene kukuchepa, kapena ikani switch pa malo achiwiri kapena achinayi. Pa magitala ambiri amakono pickup yapakati imakulungidwa mosemphana ndi zinzake, ndiye ziwiri zikamagwira limodzi phokoso limaphana lokha.

Chimodzi chokha ndikupemphani ndi mtima wonse. Wina akakuuzani kuti muthyole chitsulo chachitatu cha pulagi ya ampu, chachikulu chija, kuti phokoso lithe, mukaneni. Chimodzimodzi ma adaputala okhwepa amene timalumikizira mapulagi a makona a kwathu ku masoketi obulungira a kuno. Nsambo zimene mwagwirazo n'zolumikizidwa ku thupi la ampu. Ampu ikakhala ndi vuto popanda earth, magetsi a mavoti 230 amafuna njira, ndipo njirayo ingakhale manja anu ndi mlomo umene wakhudza maikolofoni. Mukamva kulumaluma pamlomo poimba, imani pomwepo muitane wodziwa zamagetsi. Ampu ya ma valve musaitsegule nokha, imasunga magetsi ngakhale mutaizula kukhoma.

Ma pot ndi tizinthu ta m'kati

Voliyumu ikamakhwekhwereza potembenuza, poperanimo mankhwala otsukira zamagetsi, mutembenuze kambirimbiri. Osati mafuta opopera omasulira mabauti adzimbiri. Ikakana, sinthani. Mwambo wake ndi woti single-coil imayenda ndi pot ya 250k, humbucker, pickup ya makoyilo awiri, ya 500k. Nambala ikakula mawu amathwa. Pa voliyumu ine ndimakonda yolembedwa A, imene imakweza mawu mogwirizana ndi khutu.

Apanso yezani musanagule. Ma pot a CTS khosi lawo ndi lonenepa kuposa a magitala a ku Asia, ndipo timano togwira kabatani n'tosiyana, ena 24 ena 18. Ndili nawo awiri m'kabati amene sanalowepo pagitala iliyonse. A Alpha akuluakulu amalowa popanda kuboola ndipo amagwira ntchito bwino lomwe.

Pali zosintha ziwiri zotchipa zimene ndimazikonda. Yoyamba: mukatsitsa voliyumu mawu amachita ngati mwafunditsa sipika bulangete. Wotchererani capacitor ya 0.001 µF, yolembedwa 102, pamodzi ndi resistor ya 150k, pakati pa mwendo wolowera ndi wapakati wa pot ya voliyumu. Mukatero mutha kutsika pansi pa mawu a oimba, gitala ikumvekabe mbee. Kwa ife oimba kumbuyo kwa kwaya, kameneka n'kofunika kuposa pedulo. Yachiwiri: pa mawayidwe akale a Stratocaster, gitala ya Fender ya ma pickup atatu, pickup ya ku bridge ilibe tone, kabatani kochepetsera kuthwa kwa mawu, n'chifukwa chake imalasa m'makutu. Kawaya kafupi kamodzi pa switch kamachititsa kuti tone yachiwiri izilamuliranso pickup imeneyo. Yang'anani kaye, magitala ena atsopano amabwera zili kale choncho.

Ma capacitor a tone, wamba ndi 0.047 µF pa single-coil ndi 0.022 µF pa humbucker. Alipo odula amene amati amatulutsa mawu a makedzana. Khutu langa silinamvepo kusiyana, ndipo m'holo ya malata simudzakumva inunso.

Powotcherera gwiritsani ntchito mtovu wa zamagetsi wa 60/40, osati wa mapaipi a madzi. Palani pang'ono kumsana kwa pot kuti mtovu ugwire, tenthetsani chitsulocho osati mtovu, ndipo musachedwepo mpaka pot ipse m'kati. Phimbani thupi la gitala ndi kansalu. Dontho limodzi la mtovu limasiya chipsera pa penti mpaka kalekale.

Tsopano ma pickup

Musanagule, seweretsani kutalika kwa amene muli nawo. Dinani nsambo pa fret yomaliza muyeze kuchokera pa maginito: cha m'ma 2.4 mm mbali ya nsambo zazikulu, 2 mm mbali ya zazing'ono. Mukawakweza mawu amakula, koma akayandikitsa maginito amakoka nsambo, mawu n'kumagwedezeka ngati munthu woledzera. Mukawatsitsa mawu amayera. Sikuruwu imodzi imeneyi yabweza anthu ambiri panjira ya kusitolo.

Ngati mwachita zonsezi ndipo khutu likukanabe, dziwani chimene mukufuna. Zimene ambirife timaimba, kaya ndi rumba ya ku Congo, sungura ya ku Zimbabwe, rege ya ku Chileka, mbaqanga ya konkuno kapena nyimbo za kutchalitchi, zimafuna mawu oyera, nsambo iliyonse imveke payokha ngati mikanda. Mvetserani gitala ya malemu Ray Phiri wa Stimela, amene mizu yake ina inali kwathu komwe, mumve zimene ndikunena. Mawu otero amachokera ku pickup yosapitirira mphamvu. Mukayeza ndi multimeter, single-coil yachikale imaonetsa cha m'ma 6k, humbucker yachikale cha m'ma 8k, pomwe zopangira nyimbo za rock yolemera zimafika 13k mpaka 16k. Nambalayi siinena zonse, koma ikakwera kwambiri yembekezani mawu onenepa, ofunda, ochepa kuthwa. Mnyamata wa m'sitolo akhoza kukuyamikirani yamphamvuyo chifukwa ndi imene iye amaimbira. Muuzeni nyimbo zanu, kapena mumuimbire pomwepo.

Humbucker ya kampani ya Gibson anaipanga Seth Lover, ndipo inayamba kuoneka pa gitala ya Les Paul mu 1957. Ili ndi makoyilo awiri osemphana amene amaphana phokoso. Ngati malo amene mumaimba ali ndi magetsi oipa kwambiri, ganizirani humbucker ku bridge, kapena ma pickup a makoyilo osanjikizana amene amalowa m'bowo la single-coil, monga amene amapanga Seymour Duncan, DiMarzio ndi Fender. Musanagule humbucker yaikulu, tsegulani muone ngati dzenje la m'thupi likukwana, ndipo dziwani kuti pickguard yatsopano kawirikawiri mabowo ake sagwirizana ndi akale. Ikakhala ya mawaya anayi, mutha kuika pot yokoka imene imazimitsa koyilo imodzi kuti mupeze mawu opyapyala. Safanana ndendende ndi single-coil yeniyeni, koma pa ukwati palibe adzadandaule.

Mitundu ya mawaya imasiyana kampani ndi kampani: wobiriwira wa uyu si wobiriwira wa uyo. Tsatirani pepala la kampani imene yapanga pickup yanuyo. Mukaphatikiza yatsopano ndi zakale, mawu n'kumveka opyapyala ngati a m'mphuno pamene ziwiri zikugwira limodzi, sinthanitsani mawaya awiri a pickup yatsopanoyo.

Simukakamizidwa kusintha onse atatu. Sinthani imene mumaimbira kwambiri. A kaunjika amapezeka pa Facebook Marketplace, poti alipo ambiri onga ine amene anagula mothamanga. Pitani ndi multimeter. Ikapanda kuonetsa nambala, koyilo inaduka. Kumanani pamalo a anthu ambiri, masana, ndipo musatumize ndalama musanagwire katundu. Dzina lodziwika pamtengo wa tomato, likayikireni. Ma pickup a batire ngati a EMG ndi achete zedi, koma amafuna batire ya 9V, ma pot akeake, ndi kukumbukira kuzula kebo mukamaliza. Ngati gitalayo idzapita kumudzi, ganizirani za amene azikafuna batire imeneyo pa sitolo ya pa Thondwe.

Totsalira

Kabatani kokolekapo lamba kakamagwedera, chotsani sikuruwu, lowetsani timitengo ta machesi tiwiri topaka guluu wa matabwa, bwezerani sikuruwu. Zotsekera lamba n'zotchipa poyerekeza ndi khosi lothyoka, makamaka kwa inu amene mumavina uku mukuimba. Zosintha mtundu wa pickguard ndi mabatani, chitani ngati mtima wafuna, koma mawu sizikhudza.

Chilichonse chimene mwachotsa musataye. Pogulitsa gitala, wogula salipira ma pickup anu odulawo. Amaona dzina la pamutu basi. Bwezeranimo zakale, zabwinozo musamutsire pa gitala yotsatira. Zanga zimakhala m'chigubu cha majarini pansi pa bedi.

Squier yofiira ija inapita kwa mphwanga ku Nkhotakota chaka chatha, pa basi yodzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Ndinamasula nsambo pang'ono, ndinakulunga mutu ndi majuzi awiri, ndinadzaza zovala m'chikwama chake kuti isagwedere, n'kuwapempha a kondakitala kuti asaiike pansi pa mafiriji. M'kathumba ka kutsogolo ndinaikamo Allen key ya 4 mm, mapaketi awiri a nsambo ndi pensulo. Patatha masabata atatu anandiimbira kuti nsambo zayamba kugunda ma fret. Chinyezi cha kunyanja chinali chitalowa m'thabwa limene linazolowera kuuma kwa ku Joni. Tinakonza pa vidiyo ya WhatsApp, iye atagwira Allen key, ine ndikukuwa kuti kotala yokha, amwene, kotala yokha.